MFUTI YAIFUPI YA ALENJE A KU ULAYA: KUSULA KWAKE NDI MAYESO AKE AWIRI



Ambiri a ife amene tidakulira kumudzi tidamvapo za mfuti ya gogodera, ndipo ena tidaiona ndi maso athu ili chikolekere kudenga la nyumba, itada bii ndi mwaye. Iyi ndi mfuti ija mwini wake amathira wonga kukamwa kwake, naponyamo chipolopolo, nagogoda ndi ndodo kufikira zonse zitakhazikika pansi. Tidamvanso nkhani zachisoni za alenje amene adataya zala, ena diso, ena moyo umene, pamene mfuti yotere idawaphulikira m'manja. Komatu m'maiko ena muli mfuti za mtundu womwewu, zodzazira kukamwa, zimene zidasulidwa zaka 200 zapitazo ndipo mipope yake ikali yolimba kufikira lero. Nanga kusiyana kwake kwagona pati?

Kuti tiyankhe funso limeneli, tiyeni tichoke kwathu kuno pang'ono, tipite ku Germany ndi ku England, tikaone m'mene amisiri ankasulira mfuti yaifupi ya alenje, ndiponso m'mene ankaiyesera asanaipereke kwa mwini wake. Cholinga changa si kuphunzitsa munthu kusula mfuti, iyayi. Ndifuna kuti tione chinthu chimodzi: kwa amisiri amenewo, ntchito siinkatha pa tsiku limene wosula waika nyundo pansi. Mfuti inkayenera kuyamba yakhoza mayeso awiri. Oyamba adali oona ngati mpope wake ungapirire moto, achiwiri oona ngati ikuponyadi chipolopolo pamene mwini wake walozapo.

Nguli ndi chipolopolo

Mpope wa mfuti, ndiye kuti chitsulo chachitali chobooka chija mumadutsa chipolopolo, uli wa mitundu iwiri. Wina ndi wosalala m'kati ngati bango. Mfuti ya gogodera ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi mfuti zimene asilikali ambiri a ku Ulaya ankanyamula m'zaka za m'ma 1700. Chipolopolo chake chimakhala chocheperapo kuposa boo la mpope kuti chizilowa msanga. Tsono potuluka chimagundagunda m'mbali, ndipo chikafika panja chimapatukira kumene chafuna. Msilikali wa mfuti yotere akalasa chimene walozapo pa mtunda wa mayadi 100, udali mwayi koposa luso.

Mpope wamtundu wachiwiri amausema tingalande m'kati mwake, toyenda mopotana kuchokera pansi kufikira kukamwa. Mfuti ya mpope wotere Angerezi amaitcha rifle, ndipo luso lake lidabadwira m'maiko olankhula Chijeremani cha m'ma 1500. Aliyense amene adasewerapo nguli pabwalo adziwa kuti nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima njo, koma liwiro likatha imadzandira nigwa. Tingalande tija timagwira chipolopolo ndi kuchizunguliritsa monga nguli, kotero kuti chimaboola mphepo mosapatuka. Alenje adadziwa kuti njira imeneyi imagwira ntchito kale kwambiri anthu ophunzira asanadziwe chifukwa chake. Amene adalongosola bwino nkhaniyi ndi Benjamin Robins, katswiri wa masamu wa ku England, m'chaka cha 1747.

Koma chabwino chilichonse chili ndi mtengo wake. Kuti tingalande tigwire chipolopolo, chiyenera kulowa mothina. Mlenje ankachikulunga m'kansalu kapena m'kachikopa kopyapyala kopakidwa mafuta, nachikankha ndi ndodo kuchokera kukamwa kufikira pansi. Vuto lina lidali mwaye. Wonga wakuda ukapsa, gawo loposa theka silisanduka mpweya ayi, koma limatsala ngati utsi ndi litsiro, ndipo litsirolo limakanirira m'tingalande. Motero kudzaza kachiwiri kunkalimba kuposa koyamba, kachitatu kuposa kachiwiri. Mpope ukatalika, nkhondo ya kukankhayo inkatalikanso. Pano ndi pamene pagona chifukwa choyamba chimene amisiri a ku Germany adafupikitsira mfuti zawo.

Mfuti ya mlenje

Mfuti imeneyi imadziwika ndi dzina lakuti Jäger, liwu la Chijeremani lotanthauza mlenje. Idatchuka m'zaka za m'ma 1600 ndi m'ma 1700. Mpope wake unkatalika mainchesi 24 kufikira 30, pamene wa mfuti ya msilikali wamba unkafika mainchesi 39 kapena kuposa. Kunja kwake kudali ndi mbali zisanu ndi zitatu, chitsulo chake chidali chochindikala, ndipo boo lake lidali lalikulu loti chala cha munthu n'kulowa. Chifukwa chachiwiri cha kufupikako ndi malo osakako. M'nkhalango zowirira za Germany ndi m'mapiri a Austria mlenje ankakumana ndi nguluwe ndi agwape aakulu pafupi, pakati pa nthambi zokola chinthu chachitali. Iye ankafuna mfuti yotembenuka msanga, yoponya chipolopolo cholemera chogwetsa nyama ndi kuombera kumodzi, popeza nguluwe yolasidwa siidikira kuti munthu adzaze kachiwiri.

Mfuti zimenezi sizinkagulidwa monga tigulira khasu m'sitolo. Mwini wake ankapita kwa mmisiri, nanena nyama imene afuna kusaka, ndipo mmisiriyo ankamuyesa monga telala ayesa munthu wosoketsa jekete: kutalika kwa mkono, ndi pamene tsaya ligunda thabwa kuti diso lilunjike pamwamba pa mpope. Panali mizinda yodziwika ndi ntchito imeneyi, monga Suhl ku Germany ndi Ferlach ku Austria, ndipo kufikira lero m'mizinda iwiriyi muli amisiri opanga mfuti zosakira.

M'nyumba ya wosula

Ntchito inkayambira pa chipala. Wosula ankatenga chitsulo chofewa, chachitali ndi chaphanthiphanthi, nachitenthetsa ndi mivukuto kufikira chitayera, nachipinda mozungulira ndodo yachitsulo, nalumikiza milomo yake iwiri ndi nyundo. Sankatha kulumikiza mpope wonse pa nthawi imodzi. Ankapita pang'onopang'ono, kubwerera kumoto kambirimbiri. Msoko umenewu ndiwo udali mtima wa nkhani yonse. Pakatsala kadothi kapena kamalo kosagwirana bwino, diso silinkatha kuona, chifukwa chilema chinkabisala m'kati mwa chitsulo.

Atatero ankapala m'kati kuti mukhale mosalala ndi molingana, nayang'ana m'boomo molunjika kuwala kuti aone ngati mpope wakhota, nauwongola ndi nyundo. Kunja ankasema ndi tupa. Tingalande tinkasemedwa pa benchi lalitali lokhala ndi mtengo wozokotedwa mopotana, umene unkatsogolera kampeni kakang'ono m'kati mwa mpope. Kampeniko kankapala chitsulo chopyapyala kuposa tsitsi pa ulendo uliwonse, ndipo mmisiri ankayenda chakutsogolo ndi chakumbuyo maulendo mazanamazana kufikira tingalande tonse titazama mofanana. Pomaliza ankatseka kumbuyo kwa mpope ndi chitsekero chachitsulo cholowa mopota.

Panatsala zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachipangizo koyatsira moto. Pa mfuti za nthawi imeneyo kadali ndi mwala wolimba womangidwa pa nsagwada yachitsulo, umene unkamenya chitsulo china nuthetheka moto, ndipo motowo unkalowa pa kaboo kukayatsa wonga wa m'kati. M'chaka cha 1807 mbusa wina wa mpingo ku Scotland, Alexander Forsyth, adalembetsa njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa, ndipo kuchokera pamenepo padabadwa tizipewa ta mkuwa timene sitinkaopa chinyezi monga mwala uja. Chachiwiri ndi thabwa, limene kawirikawiri linkasemedwa ku mtengo wa walnut woumitsidwa zaka zingapo. Mmisiri ankadetsa chitsulo ndi mwaye, nachikanikiza pathabwa, nasema pokhapo pamene padetsedwa, kubwereza choncho kufikira chitsulo ndi mtengo zitagwirana popanda mpata. Amisiri amene amatsatabe njira zakalezi lero amatha maola mazana angapo pa mfuti imodzi.

Mayeso oyamba: kodi mpope upirira?

Mayi woumba mbiya akaiphula pamoto amaigogoda ndi chala, namvetsera kulira kwake, chifukwa adziwa kuti mng'alu wobisika umamveka usanaoneke. Mpope wa mfuti sungayesedwe ndi chala. Njira yokha imene amisiri adaipeza ndi kuupatsa katundu woposa amene udzasenza pa moyo wake wonse, munthu ali patali. Ankaudzaza wonga wochuluka ndi mtovu wolemera kuposa muyeso wa tsiku ndi tsiku, nauyatsa. Ukakhala ndi chilema unkang'ambika pomwepo, m'nyumba yotsekedwa, m'malo mong'ambikira pafupi ndi nkhope ya mlenje.

Maiko ena adaona kuti ntchito yotere siingasiyidwe m'manja mwa wosula yekha, pakuti munthu saweruza bwino mlandu wa mwana wake. Ku London, bungwe la amisiri a mfuti lotchedwa Worshipful Company of Gunmakers lidalandira mphamvu kwa mfumu m'chaka cha 1637 kuti liziyesa mfuti ndi kuzidinda. Ku Liège, m'dziko limene lero ndi Belgium, lamulo loyesa mipope lidakhazikitsidwa mu 1672. Ku Birmingham nyumba yoyesera mfuti idamangidwa mu 1813 mwa lamulo la nyumba ya malamulo, ndipo ikugwirabe ntchito pamalo omwewo. Germany idaika lamulo la dziko lonse mu 1891.

Tiyerekeze kuti talowa m'nyumba ya ku Birmingham ija m'zaka za m'ma 1800. Mipope yopanda matabwa yandandalikidwa pansi m'chipinda cha zipupa zochindikala zokutidwa ndi zitsulo, kukamwa kwake kutaloza mulu wa mchenga. Mzere wa wonga wadutsa kumbuyo kwa mipope yonseyo. Antchito atuluka, atseka zitseko, ndipo mmodzi ayatsa mzerewo ali kunja. Utsi ukatha alowa kukatola. Imene yang'ambika yadziweruza yokha. Yotsalayo itsukidwa ndi kuyang'anidwa mosamala, popeza mpope ungathe kupirira osaphulika koma n'kutupa pang'ono kapena kuchita mng'alu waung'ono, ndipo wotere nawonso ukanidwa. Umene wakhoza udindidwa chizindikiro pachitsulo penipeni. Cha ku Birmingham pa nthawiyo chidali ndodo zachifumu ziwiri zopingasana, cha ku Liège zilembo zitatu, ELG. Pambuyo pake lamulo lidawonjeza kuti mipope yambiri iziyesedwa kawiri, koyamba ikali yosasemedwa, kachiwiri mfuti itatha, chifukwa tupa limachotsa chitsulo ndipo mpope umene udali wolimba dzulo ungafooke lero. Lamulo la 1868 likugwirabe ntchito ku Britain, ndipo kugulitsa mfuti yosadindidwa kumeneko ndi mlandu.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji kuuvutitsa mpope ndi katundu amene mlenje wanzeru sadzaupatsa? Yankho lake ndi lakuti mfuti yodzazira kukamwa siionetsa chimene chili m'mimba mwake, ndipo munthu amene ali ndi mantha kapena changu amalakwa. Frederick Selous, Mngerezi amene adayamba kusaka njovu m'dziko limene lero ndi Zimbabwe m'chaka cha 1872, adasimba m'buku lake za tsiku limene mfuti yake idakana kulira. Womunyamulira mfuti, posadziwa kuti idakali yodzaza, adathiramo wonga ndi chipolopolo china pamwamba pa zoyambazo. Selous ataombera adaponyedwa pansi, thabwa lidasweka, ndipo iye adatsala ndi bala patsaya. Ku America, nkhondo ya pa Gettysburg itatha mu 1863, mfuti zoposa 27,000 zidatoledwa pabwalo la nkhondo, ndipo zikwi zambiri mwa izo zidapezeka zitadzazidwa kawiri kapena kuposa. Nyumba yoyesera mfuti imayembekeza kulakwa kotere kusanachitike.

Mayeso achiwiri: kodi ilunjika?

Mpope wolimba sutanthauza mfuti yabwino. Mmisiri ankatenga mfuti yotha kupita nayo kubwalo, naikhazika pa chotsamira kuti kunjenjemera kwa manja kusasokoneze, naombera kangapo pa chandamale chimodzi. Poyamba sankasamala zoti zipolopolo zagwa pakati kapena pambali. Chimene ankafuna ndi chakuti zigwe pamodzi. Zikabalalika ankasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, lero kuchindikala kwa kansalu, mawa muyeso wa wonga, kufikira ziboo zitayandikana. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu zathu adziwa kuti njira yoyesera chinthu ndi yomweyi: ukasintha ziwiri pamodzi sudziwa imene yathandiza. Zikagwa pamodzi ndi pamene ankapala ndi tupa kapena kusuntha tizitsulo toyang'anirapo tija tili pamwamba pa mpope, kuti gulu lonse lisamukire pakati. Mwini mfuti ankalandiranso chikombole choumbira zipolopolo za mtovu zolingana ndi mpope wakewo, chifukwa mipope iwiri yopangidwa ndi manja siinkafanana ndendende.

Mayeso otchuka a mtundu umenewu adachitika ku Woolwich, pafupi ndi London, pa 4 February 1800. Angerezi adali ataona ntchito ya mfuti za tingalande pa nkhondo ya ku America ya 1775 mpaka 1783, m'manja mwa adani awo ndiponso m'manja mwa asilikali a Chijeremani amene adawalemba ganyu, ndipo adafuna mfuti yawoyawo. Amisiri angapo adabweretsa ntchito zawo kudzapikisana. Wopambana adali Ezekiel Baker wa ku Whitechapel, amene mfuti yake idalasa chandamale cha mapazi 6 maulendo 11 mwa 12 pa mtunda wa mayadi 300. Mfuti imene asilikali adalandira kuchokera kwa iye idatengera maonekedwe a Jäger: mpope wa mainchesi 30 ndi tingalande 7. Baker adasankha kuti tingalandeto tipotane pang'ono chabe, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira kumodzi pa mpope wonse, kuti mwaye usamakanirire msanga. Ngakhale zidali tero, msilikali wa mfuti imeneyi ankaombera kamodzi kapena kawiri pa mphindi, pamene mnzake wa mpope wosalala ankaombera katatu. Ndipo popeza mfutiyo idali yaifupi, adampatsa chimpeni chachitali ngati lupanga chomangirira kukamwa kwake kuti athe kudziteteza kwa okwera pa akavalo.

Chimene kufupika kumapereka ndi chimene kumalanda

Anthu ambiri amaganiza kuti mfuti ikatalika ndiye kuti ilunjika bwino. Mbiri siivomereza ganizo limeneli kwathunthu. Mu 1849 Mfalansa wina, Claude-Étienne Minié, adakonza chipolopolo chosongoka chokhala ndi dzenje kumbuyo, cholowa mosavuta koma chofufuma pamene wonga waphulika, ndipo vuto la kukankha lija lidachepa. Angerezi adapanga mfuti ya Enfield ya 1853, ya mpope wa mainchesi 39 ndi tingalande 3. Mu 1858 adapangira asilikali a pamadzi ina yaifupi, ya mainchesi 33, ya chitsulo chochindikala ndi tingalande 5 topotana kwambiri. Pa chandamale yaifupiyi idapezeka kuti ikuposa yaitali ija, kotero kuti asilikali a pamtunda adatengera mpope womwewo pa mfuti zawo zazifupi za 1860. Kulunjika kumachokera ku kuwongoka kwa boo, kufanana kwa tingalande, kuuma kwa mpope ndi kugwirizana kwa chipolopolo ndi boolo.

Kutalika kuli ndi phindu lake lina. Mpweya wa wonga umakankha chipolopolo nthawi yonse imene chili m'kati, motero mpope wautali umatulutsa liwiro lochuluka pa wonga womwewo. Waufupi umataya gawo la mphamvuyo panja ngati lawi ndi phokoso. Zipangizo zamakono zoyesera liwiro la chipolopolo zimatsimikiza zimenezi. Ndiponso tizitsulo toyang'anirapo tikatalikirana, diso la munthu silisochera kwambiri. Ndi chifukwa chake amisiri a Chijeremani amene adasamukira ku Pennsylvania, ku America, m'zaka za m'ma 1700 adatalikitsa mpope kupitirira mainchesi 40 ndi kuchepetsa boo lake, pakuti mlenje wa kumeneko ankayenda kutali ndi masitolo, ndipo mtovu ndi wonga zidali zosowa. Pambuyo pake anthu atayamba kusaka njati za kumeneko ali pa akavalo, abale awiri, Jacob ndi Samuel Hawken a ku St. Louis, adafupikitsanso mpope ndi kukulitsa boo kuyambira m'ma 1820. Palibe utali umodzi woyenera ponseponse. Mmisiri weniweni ankayamba wafunsa ntchito imene mfutiyo ikagwire.

Luso limeneli silidafe. Ku America kuli bungwe la okonda mfuti zodzazira kukamwa lotchedwa National Muzzle Loading Rifle Association, limene lidayamba mu 1933 ndipo limachita mipikisano yake ku Friendship, m'chigawo cha Indiana. Ku Gardone Val Trompia, ku Italy, mafakitale amapanga mfuti zotengera zakalezi, ndipo iliyonse imadutsa m'nyumba yoyesera ya dzikolo isanagulitsidwe. Amisiri ambiri a lero sasulanso mpope pa chipala. Amagula mipope yoboolewa ndi makina kuchokera ku mtanda umodzi wa chitsulo cholimba, yopanda msoko konse. Komabe mayeso sadathe. Maiko angapo adapangana mu 1914 kuti azilemekeza zidindo za wina ndi mnzake, ndipo pangano limenelo likalipo. Oyesa amakono amapima mpope ndi zipangizo zawo usanaomberedwe ndiponso utaomberedwa, kuti agwire ngakhale kutupa kumene diso silingaone.

Tibwerere kwathu

Tsopano tingathe kuimvetsa mfuti ya gogodera ija. Mfuti zambiri zidalowa kuno m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe la nyanja yamchere. Zina zidali zotha ntchito m'magulu a nkhondo a ku Ulaya. Zina zidapangidwira dala malonda a mu Africa, ku Birmingham ndi ku Liège komweko, pa mtengo wotsika, ndipo zambiri mwa izo zidali za chitsulo chachabechabe pa thabwa lopakidwa utoto wowala. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kenaka mu 1890 maiko a ku Ulaya adapangana ku Brussels kuti m'chigawo chachikulu cha Africa, chimene dera lathu lino lili m'kati mwake, anthu asagulitsidwe mfuti za tingalande kapena zamakono, koma za mwala zokha za mpope wosalala. Motero mfuti imene makolo athu adaidziwa idali yotsikitsitsa pa mtundu wake wonse.

Osula athu sadali operewera nzeru. Anthu amene ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zawo kwa zaka mazana ambiri adaphunzira msanga kukonza mfuti zowonongeka, kusema matabwa atsopano ndi kusula tizitsulo tothyoka. Chimene sichidafike kuno ndi nyumba yoyesera ija pamodzi ndi chidindo chake. Mpope unkayesedwa ndi mlenje mwini, pa phewa lake, tsaya lili pafupi.

Ngozi imeneyi ikalipo, ndipo ndi chifukwa chake ndasankha kukamba nkhaniyi. Pali anthu amene amapanga mfuti mobisa ndi paipi ya madzi kapena chitsulo china chotola. Paipi ya madzi ili ndi msoko kuchokera kumutu kufikira kumchira, ndipo idapangidwira mphamvu ya madzi a pa mpopi, pamene mphamvu ya wonga m'kati mwa mfuti imaposa imeneyo maulendo oposa 100. Ena amathiramo wonga wotengedwa m'zipolopolo zamakono. Wonga wopanda utsi umenewu, umene Mfalansa Paul Vieille adautulukira mu 1884, uli ndi ukali umene ungang'ambe ngakhale mfuti yodzazira kukamwa yopangidwa bwino ku fakitale. Palinso mfuti zakale za makolo zimene dzimbiri lazidya m'kati kwa zaka zambiri kunja kukuoneka bwino, ndipo zina zidakolekedwa zili zodzaza mwini wake nafa osauza munthu. Wonga wakuda sukalamba msanga. Ukakhala pouma ungathe kuphulika patapita zaka makumi ambiri.

Wina asanene kuti, ndamva pa wailesi kuti mpope amauyesa ndi wonga wochuluka, ndikayesa wanga kuthengo. Kuyesa kotere kopanda zopimira n'koopsa koposa kusayesa, chifukwa mpope ungapirire lero utavulala m'kati, n'kudzang'ambika mawa ndi wonga wochepa. Ndiponso tikumbuke kuti kusula mfuti kapena kukhala nayo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Amene mwapeza mfuti yakale m'nyumba ya malemu, musaiyese, musayang'ane kukamwa kwake, musalole ana kuigwira. Dziwitsani amfumu ndi apolisi kuti akuthandizeni.

Tidayamba ndi funso lakuti, n'chifukwa ninji mfuti ina imakhala zaka 200 pamene ina iphulika m'manja. Taona kuti wosula wa ku Suhl ndi wa ku Birmingham ankalakwanso monga munthu aliyense, ndipo mipope yawo ina inkang'ambika. Kusiyana kwake n'kwakuti inkang'ambikira m'chipinda chotsekedwa, pa mulu wa mchenga, munthu ali kunja, ndipo imene idafika kwa mlenje idali yokhayo imene idapulumuka. Ezekiel Baker sadapambane ku Woolwich chifukwa cha kukongola kwa thabwa lake, koma chifukwa cha ziboo 11 zimene aliyense adatha kuziwerenga pa chandamale.